Mwana wanga amangojambula, ndimulembetse maphunziro a patchuthi?

FUNSO: Zikomo mayi. Mwana wanga wa zaka 9 wadzaza makope ake onse ndi zojambula. Pa tchuthi cha Ogasiti pali wojambula wina kuno amene aziphunzitsa ana, koma bambo ake akuti n'kutaya ndalama, bola apite ku patitaimu ya masamu. Nditani? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mwanayo mulembetseni. Koma musanapereke ndalama, pitani kaye mukaone ndi maso anu. Ine ndikafika pamalo otere ndimayang'ana manja a ana. Akakhala oda ndi makala, dongo kapena penti, ndimadziwa kuti ntchito ikugwirika. Mukapeza ana onse akukopera chithunzi chimodzi cha mphunzitsi pabolodi, bwererani, chifukwa pamenepo mwana wanu sakaphunzira kuona yekha. Funsaninso kuti ana alipo angati, ndiponso ngati kholo likuloledwa kulowa nthawi ina iliyonse. Akakana zimenezo, musamusiye mwana. Zosema za mpeni ndi sompho adikire kaye akule.

Bambo akewo musakangane nawo, nkhawa yawo ndi yomveka. Auzeni za Kungoni ku Mua, m'boma la Dedza, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene wansembe wina, Bambo Claude Boucher, anayambitsa mu 1976. Kumeneko kwaphunzira osema ambiri amene akudyetsa mabanja awo ndi luso lomweli. Tchuthi n'chachitali, masamu akhoza kuchita m'mawa, kujambula masana.

Ndalama zikavuta, mugulireni pensulo zofewa ndi kope lakelake lojambulamo, kuti makope a kusukulu apume.