Madzi anangofika m'mawondo, koma m'golosale munalibe kanthu

Funso: Alangizi, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndili ndi kagolosale kufupi ndi Bangula. Nthawi ya namondwe wa Freddy tinathawira kumsasa wa kusukulu. Nditabwerera patatha sabata, ndinapeza kuti madzi anangofika m'mawondo, koma chitseko chili chothyola. Shuga, sopo, mafuta ophikira, sikelo, ngakhale malata a pakhonde, zonse zinapita. Kope la ngongole linanyowa ndipo amene ndinawakongoza anandikana. Ndinavutika kubweza ngongole ya banki mkhonde. Pano ndayambiranso, koma kukangoda mitambo mtima umandithamanga. Ena akuti madzi akadzabweranso ndidzatsale n'kumalondera. Nditani?

Yankho: Pepani mayi. Koma zoti mudzatsale n'kumalondera golosalezo ziiwaleni lero lomwe. Madzi a Ruo ndi Shire sagogoda pachitseko. Mvula imagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, inu kuno mukuona ngati kwacha bwino, usiku madzi ali pabwalo. Thumba la shuga mungagule lina, koma ana anayi aja sangagule mayi wina.

Zakubazi si za kwanu kokha. Namondwe wa Otis atasakaza mzinda wa Acapulco ku Mexico mu 2023, anthu anakokolola katundu m'masitolo dzuwa likuswa mtengo. Kulikonse zimayenda chimodzimodzi: eni ake athawa, magetsi azima, misewu yaduka moti apolisi sangafike, ndipo anthu ali ndi njala. Ine wotenga paketi ya ufa kuti mwana adye sindimuyika gulu limodzi ndi wozula malata, ngakhale kwa inu mwini katundu kupweteka kwake n'kumodzi.

Tsono poti simungaletse akuba, chepetsani zoti adzapeze. Taonani miyezi imene chigwa chino chakhala chikumira: kusefukira kwa madzi kwa 2015 kunali mu Januwale, namondwe wa Idai mu Marichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Marichi 2023. Ndiye kuti kuyambira Januwale mpaka kutha kwa Marichi si nthawi yodzaza mashelefu. Amalonda ambiri amaoda katundu wambiri wa Khirisimasi, wotsala n'kulowa naye m'miyezi yoopsayi, pomwenso makasitomala alibe ndalama chifukwa ndi nthawi ya njala. Inu muzioda pang'onopang'ono, zinthu zotuluka msanga zokha: mchere, sopo, machesi, mafuta oyeza. Ndikudziwa kuti ulendo wa ku Nchalo kapena ku Limbe ukachuluka, thiransipoti imadya phindu. Gwirizanani atatu kapena anayi, mmodzi azikaodera onse mosinthana.

Mpamba wotsalawo usagone m'chitini. Ikani gawo lalikulu ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba, kapena kubanki ngati muli ndi akaunti. Foni ikamira ndalama sizimira nayo. Mumakatenga simu ina pa nambala yomweyo, bola muli ndi chiphaso cha unzika. N'chifukwa chake chiphasocho chizikhala m'pepala la pulasitiki, pathupi panu. Koma musaike zonse mufoni. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, tinaona tonse kuti magetsi akazima netiweki imavuta, ndipo ma ejenti nawo ndalama zimawathera. Sungani pang'ono zogulira chakudya cha masiku angapo ndi kulipira bwato kapena ngolo. Musasungenso ndalamazo chaka chonse ayi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anangokumbatira ndalama anapeza kuti sizikugulanso katundu yemwe uja. Epulo akafika, zibwerere m'katundu.

Nkhani ya kope ija ndi imene yandikhudza kwambiri, chifukwa kumeneko kunali kuba kwachiwiri, kochitidwa ndi anthu oti mumapatsana nawo moni m'mawa uliwonse. Loweruka lililonse jambulani masamba a kopelo pafoni, mujambulenso mashelefu ndi malisiti a kooda, mutumize pa WhatsApp kwa m'bale wanu amene amakhala kumtunda. Ngati foni yanu ndi ya mabatani, pemphani mnzanu wa mu banki mkhonde. Wokongola aliyense azisaina kapena kudinda chala. Ena adzanyinyirika kuti simukuwakhulupirira. Asiyeni anyinyirike.

Zithunzi zomwezo n'zimene mudzaonetse kupolisi. Ambiri salemba lipoti poganiza kuti katundu sabwerera, ndipo kawirikawiri sabwereradi. Koma lipoti la apolisi ndi limene limakupatsani pakamwa mukamakapempha gulu kapena bungwe lobwereketsa ndalama kuti likutalikitsireni nthawi yobweza. A inshuwalansi nawonso sangakumvereni popanda lipotilo. Mukafuna inshuwalansi, funsani mwachindunji ngati ikulipira madzi osefukira komanso kuba, poti izi kawirikawiri zimalembedwa padera.

Ku banki mkhondeko kayambitseni nkhaniyi panopa, mvula isanafike. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Gulu ligwirizane ndi kulemba kuti membala akakhudzidwa ndi ngozi yotere adzapumira miyezi ingati, ndipo chiwongoladzanja chidzayenda bwanji. Mukambiranenso za bokosi la gululo: lidzathawa ndi ndani? Mukadikira kuti mukakambe zimenezi muli kumsasa, aliyense adzakhala akulira zake, ndipo wa katapila ndi amene adzakumwetulireni. Ameneyo musamuyandikire.

A zanyengo akalengeza pawailesi kuti namondwe akubwera, amapereka masiku angapo. Tsiku loyamba lomwelo, sikelo, solala ndi makatoni odula zikwere ngolo kupita kwa munthu wodalirika kumtunda, mutawerengerana pamaso pa mboni. Mukadikira tsiku lachitatu, eni ngolo adzatchula mtengo umene akufuna. Za ulonda wa pamsika, amalonda mukambirane ndi amfumu komanso a chitetezo cha m'mudzi, ndipo ulondawo uziyamba madzi akaphwa.

Funso: Ndimagula ndi kugulitsa mbuzi ku Ngabu. Madzi akasefukira kumabwera anyamata ndi mbuzi komanso malata pa theka la mtengo. Akuti anatola. Ndigule?

Yankho: Ayi bambo. Mbuzi yoti yakokoloka ndi madzi n'kupulumuka imakhalabe ya mwini wake, ndipo malata okhala ndi mabowo a misomali anachoka padenga la munthu. Malamulo a dziko lino amazenga mlandu wolandira katundu wakuba, osati wakuba yekha. Mwini wake akadzaizindikira mbuziyo m'khola mwanu, mudzataya mbuzi, ndalama zanu, mwinanso kugona m'chitokosi, anyamata aja atapita kalekale. Zoona, alipo eni ziweto enieni amene amagulitsa motchipa chifukwa cha njala. Oterowo savuta kuwadziwa: savutika kubwera ndi kalata ya amfumu a m'mudzi mwawo, ndipo sakana kuti mulembe dzina lawo ndi nambala ya chiphaso m'kope mwanu. Amene wayamba kuyang'ana uku ndi uku mukatulutsa cholembera, muuzeni apite nazo kwina, kenaka muwatsine khutu amfumu kapena apolisi. Musamuitanire gulu la anthu kuti limumenye. Mlandu umenewo udzakhala wanu.