Masheya anu pa mlandu wa mafuta: pokakankhira ndi pati

Achikulire, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati gawo la penshoni yanu ya ku esiteti ya tiyi ku Thyolo munagulira masheya mu kampani yofufuza mafuta, kenako laisensi yake inavuta ndi boma, pano a bodi akufuna angomvana ndi boma kunja kwa khothi ndiye inu mukuona ngati akugulitsa ng'ombe pa mtengo wa nkhuku. Mukufunsa ngati mungasumire boma panokha kapena kuletsa mgwirizanowo.

Ndiyambe ndi chowawacho. Kusumira boma panokha sizitheka. Laisensi ija si yanu, ndi ya kampani, ndipo pamalamulo kampani ndi munthu payekha, ikalakwiridwa yodandaula ndi iyoyo osati eni masheya, mfundo imeneyi inachokera pa mlandu wa Foss v Harbottle wa 1843 ku England ndipo makhothi athu amaitsatirabe. Mafuta akewo si a kampaninso ayi, lamulo la Petroleum la 1983 linawaika m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa Amalawi tonse, kampani imangopatsidwa chilolezo.

Komanso musathamangire kuti a bodi akuperekani. Mwachitsanzo, kampani yofufuza mafuta ya Surestream inapatsidwa laisensi pa nyanja ya Malawi mu 2011, Tanzania nkuyambanso kulimbana nafe za malire, mu November 2014 boma nkuimitsa malaisensi onse kuti liwaunikenso, mpaka lero palibe ndi lita imodzi yomwe ya mafuta athu yagulitsidwapo. Ndiye kampani ikapita kwa oweruza nkumati tataya phindu la mabiliyoni, funso loyamba limakhala loti phindu la mafuta ati, munawapeza? Nthawi zambiri chimene chimaoneka ndi ndalama zimene anaonongadi basi. Gawo 43 la Konsitichushoni limati boma lipereke zifukwa polemba, gawo 44 limati likalanda katundu lipereke chipepeso choyenera, zoona, koma njira yake ndi yaitali, kusumira boma umayamba wapereka notisi ya miyezi 3, ndipo ngati mgwirizano wao unanena za abitireshoni ya kunja, kutanthauza kuweruzidwa ndi bungwe lapadera osati khothi, monga ICSID ya ku Washington, maloya ake amalipidwa madola kwa zaka. Kuwina mlandu ndi kulandira cheke cha boma ndi zinthu ziwiri zosiyana, izi ndaziona ndi maso angawa.

Mphamvu zanu zili mkati mwa kampanimo. Katengeni satifiketi ya masheya ija m'thumba la pulasitiki lomwe mwati munaisunga pamodzi ndi makalata a munda, muone kaye kuti kampaniyo inalembetsedwa kuti. Ngati ndi kuno, tikuyendera Companies Act ya 2013, ngati ndi Johannesburg kapena London ndiye ndi malamulo a kumeneko. Mukatero lemberani sekilitale wa kampani, kalata osati foni, kope musunge. Funsani kuti boma likupereka zingati, liti, laisensi ikubwerera kapena kampani ikuitaya, maloya adya kale zingati, nanga pali dayilekitala amene akupindulapo payekha? Malangizo a maloya ao akhoza kukana kukuonetsani, lamulo limawalola, koma mafunso enawa ayankhe pa msonkhano wa eni masheya. Kuvomera mgwirizano kawirikawiri ndi ntchito ya bodi, pokhapokha malamulo a kampaniyo atanena kuti nkhani yaikulu chonchi ivoteredwe, ndiye awerengeni bwino.

Nthawi zambiri voti imawerengedwa pa masheya osati pa mitu ya anthu, nchifukwa chake ndikukupemphani mufunefune anzanu a ku Luchenza ndi ku Chitakale amene munagula nawo limodzi, amene sangakwere minibasi kupita ku msonkhano asaine fomu ya proxy kuti muwavotere.

Mukapeza umboni woti madayilekitala akudyerapo, pamenepo nkhani yasintha, mukhoza kupempha High Court, nthambi ya zamalonda ku Blantyre, ikuloleni kusuma m'dzina la kampani. Koma pakufunika mapepala enieni, kungoti ndalamayo yachepa sikokwanira, ndipo mukaluza akhoza kukulipitsani ndalama za mlandu, pa penshoni yomweyo.

Pakadali pano aliyense wobwera ndi pepala loti mugulitse masheyawo mwachangu musasaine, mundijambulire pa WhatsApp ndilione kaye.