Lifiti yokwezera galimoto pakhomo: ndigule iti?

Funso: Ndili ndi Hilux, ndipo ndikufuna kuika lifiti m'galaja yanga ku Kapata. Ndigule ya mizati iwiri kapena inayi? Wowerenga, Chipata.

Yankho: Bambo, musanafunse mtengo, yang'anani kaye pansi. Ya mizati iwiri ndiyo yabwino pokonza mabuleki ndi giyabokosi chifukwa matayala amalendewera, koma kulemera konse kumadalira mabawuti olowetsedwa m'konkire. Konkireyo ikhale yokhuthala masentimita 15, yolimba 25 MPa (muyeso wa kulimba kwa konkire), ndipo ikhwime masiku 28 musanaboole. Simenti yopyapyala ya m'magalaja ambiri a pakhomo imang'ambika, mabawuti n'kuzuka, mzati n'kupendama galimoto ili m'mwamba. Ngati simungathire ina, tengani ya mizati inayi, ngakhale imadya malo.

Hilux imalemera pafupifupi matani 2, choncho lifiti ya matani 4 ikukwanirani. Denga lifike mamita 3.6 ngati mizati yalumikizana pamwamba.

Werenganinso kachitsulo ka pa mota ya lifitiyo, kosonyeza magetsi amene imafuna. Nyumba zambiri zili ndi magetsi a ZESCO a 230V, pomwe malifiti ambiri amafuna 380V ya mafezi atatu (magetsi amphamvu ngati a m'mafakitale). Mukakweza galimoto, itsitseni pang'ono ikhale pa maloko achitsulo musanalowe pansi. Paipi ya mafuta a lifitiyo ikaphulika, malokowo ndiwo amagwira.