Fayilo ya zomasulira za Chichewa: lembani "ny", musaganize zambiri

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake eni pulojekiti ya pulogalamu ya pakompyuta akubwezerani fayilo ya zomasulira imene munaitcha "ch", komanso ngati ife a kuno ku Harare tingakhale ndi khodi (zilembo zoimira chinenero) yathuyathu. Pa funso loyambalo, anthuwo sanalakwe ayi. Khodi ya "ch" ili ndi eni ake kale, Achamorro a pachilumba cha Guam m'nyanja ya Pacific. Mukanalemba "che" mukanagwera kwa Achechen, "chi" ndi ya Chitchaina. Yathu ndi "ny" pa mndandanda wa makhodi a zinenero wa ISO 639-1, ndipo pa ISO 639-3, umene unatuluka mu 2007, ndi "nya". Zilembozi zinachokera ku dzina loti Chinyanja, limene ku Zambia ndi ku Mozambique likugwirabe ntchito. La Chichewa boma la Malawi linalikhazikitsa mu 1968. Khodi ya "ny" ija ndiyo chifukwa chake Wikipedia yathu ili pa ny.wikipedia.org.

Sikuti akungokuvutitsani. Pulogalamu simva dzina la chinenero, imangofananiza zilembo. Munthu akasankha Chichewa pakompyuta, gettext, pulogalamu yotenga zomasulira, imakafufuza mufoda ya ny/LC_MESSAGES. Ikapanda kupezamo kanthu sidandaula, imangoonetsa Chingerezi mwakachetechete, ntchito yanu yonse ija ili gone mufoda ina imene palibe adzaitsegule. Komanso pa mapulojekiti aulerewa anthu amabwera ndi kupita. Wodzatenga ntchito yanu mawa, kaya pa Weblate kaya pa translatewiki (masamba a pa intaneti omasulirirapo), sadzakufunsani chimene munkatanthauza.

Pakati pa "ny" ndi "nya", lamulo la BCP 47, limene masamba a pa intaneti amatsata, limati pamene pali khodi ya zilembo ziwiri tengani imeneyo. Choncho pa HTML, kalembedwe ka masambawo, ndi lang="ny". Ya zilembo zitatu ndi ya zinenero zopanda yaifupi, monga Chitumbuka (tum) ndi Chiyao (yao).

Tsono za funso lachiwiri, khodi ya Chichewa cha ku Zimbabwe, ny-ZW. Kulemba kwake nkololedwa, ndipo malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka. Nzoonanso kuti ana athu a ku Mufakose ndi ku Mabvuku muno mu Harare amasakaniza ndi Chishona moti agogo a ku Dedza angamafunse kuti "akuti chani?" Koma ine ndikuti musagawe. Omasulira ndife ochepa kale. Mukaika zonse mu ny_ZW, wa ku Lilongwe amene kompyuta yake ili pa ny_MW sazipeza, pamene "ny" yokha imafikira tonse, a ku Chipata ndi ku Tete omwe. Gawani pokhapo pamene pali kusiyana kwenikweni, monga ndalama. Onaninso kamzere: gettext imafuna kapansi, ny_ZW, pomwe BCP 47 imafuna kapakati.

Poti munatchula kuti mudzawonjezera zinenero zina, chenjerani ndi Chitonga. Cha ku Binga kuno ku Zimbabwe ndi "toi", cha ku Nkhata Bay ndi "tog", pamene "to" ndi ya dziko la Tonga ku Pacific komweko. Chindebele cha ku Bulawayo ndi "nd", "nr" ndi cha ku South Africa. Chishona sichivuta, ndi "sn".

Sinthani dzina la fayilo likhale ny.po, mutsegule, pamwamba pomwe palembedwa Language muikepo ny, kenako mutumizenso. Akabwezanso, ikani uthenga wawowo muno tiuonere limodzi.