Salimo 109 musalisandutse cholodzera abale anu

Adzukulu anga, funso lanu landifika. Mukuti pa mapemphero anu a usiku wa Lachisanu mwayamba kuwerenga Salimo 109 mokweza, ndipo mukafika pamene likunena za mdani, aliyense amatchulapo dzina la munthu amene akumuganizira kuti ndiye wamutsekera mwayi: wina azakhali ake, wina mnzake wa kuntchito, wina mayi omupeza. Tsono mmodzi wa inu wapatsidwa mpata wolalikira pa tsiku la achinyamata, ndipo akufunsa ngati angaphunzitse zimenezi paguwa, popeza mawuwo ndi a m'Baibulo.

Asaphunzitse ayi. Kutchula maina kuja musiye sabata ino yomwe. Koma salimolo musalitaye, chifukwa vuto silili m'salimo, lili m'mene mwaligwirira.

Ndikufunseni, mwaliwerengapo lonse kuyambira vesi 1 mpaka 31? Ndikudziwa pamene mumakonda kuima: masiku ake akhale owerengeka, ana ake akhale amasiye, wangongole amulande zonse. Koma bwererani koyambirira. Munthu akupempherayo anamunamizira. Iye anawakonda anthuwo, iwo n'kumubwezera udani. Pa vesi 24 ndi 25 akuti mawondo ake afooka chifukwa cha kusala kudya, thupi latha, ndipo omuona akungopukusa mitu. Pa vesi 16 akutchula mlandu wa mdaniyo poyera: sanakumbukire chifundo, anasautsa wosauka ndi wosweka mtima kufuna kumupha. Mlandu wodziwika, wochitika masana, anthu akuona. Nanga azakhali anu aja analakwa chiyani chimene mungachiloze ndi chala? Kuti munawalota usiku? Kuti ntchito yakanika kupezeka chaka chino?

Taonaninso kumene nkhaniyi ikuchitikira. Pa vesi 6 pali woneneza ataima kudzanja lamanja, pa vesi 7 pali kuweruzidwa, ndipo pa vesi lomaliza Mulungu mwini waima kudzanja lamanja la waumphawi kuti amupulumutse kwa omuweruza. Ili ndi bwalo la milandu. Zili ngati munthu amene amulanda munda, m'malo monyamula chikwanje wapita kwa mfumu, walira, wayankhula zonse zakukhosi ngakhale zowawa kumva, kenako wakhala pansi kudikira kuti mfumu igamule. Akatero mlandu wachoka m'manja mwake. Inu mukachita kutchula dzina katatu, kuomba m'manja ndi kulamula kuti pofika mawa munthuyo agwe, mwadzikhazika nokha pa mpando wa woweruza.

Salimoli lili m'gulu la masalimo 73 amene pamutu pake pali dzina la Davide. Ndiye muoneni Davideyo mdani wake atagwa m'manja mwake. M'phanga la ku Engedi, Sauli analowa yekha osadziwa kuti Davide ndi anyamata ake ali mkati momwemo. Anyamatawo anati tsiku lija ndi lero. Davide anangodula kansonga ka chovala cha Sauli, ndipo ngakhale kakang'onoko mtima unamutsutsa. Ulendo wina anamupeza ali m'tulo mumsasa, Abisai, mmodzi wa anyamata a Davide, n'kupempha kuti amulase kamodzi kokha. Davide anakana, natenga mkondo ndi chikho cha madzi basi. Werengani 1 Samueli 24 ndi 26. Mkwiyo wake ankautula kwa Mulungu, dzanja lake osakhudza Sauli.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti maina amene amatchulidwa pa mapemphero otere kawirikawiri amakhala a ife okalamba. Lero dzina latchulidwa m'pemphero, mawa lamveka pamjigo, mkuja anthu atola miyala. Mu 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Lamulo la dziko lino, lomwe lilipo kuyambira 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Inu ana a mpingo musakhale oyatsa moto umenewu mutanyamula Baibulo.

Mwina muti, nanga mawu owopsawa analowa bwanji m'buku loyera? Tengani Salimo 137, lomwe limathera pa kuphwanya makanda pathanthwe. Oimba ake anali akapolo ku Babulo, Nebukadinezara atagwetsa Yerusalemu cha m'ma 586 Yesu asanabadwe. Kachisi anatenthedwa, ana awo anafa iwo akuona, Aedomu akukuwira kuti gwetsani mpaka pamaziko. Atafika kuukapolo, owagwirawo ankawauza kuti tatiimbireni kanyimbo ka kwanu. Azeze awo anangowapachika m'mitengo. Munthu wopwetekedwa chonchi akalira, mawu ake satuluka osalala, ndipo Mulungu sanawafufute. Wolalikira wanzeru amauza mpingo kuti mtima ukafika pamenepa uli ndi kopita, sayenera kunamizira kumwetulira. Sauza mpingo kuti pitani mukafunire ana a anzanu imfa.

Pano ndipatuke pang'ono. Makwaya anu masiku ano ndi chigonjetso chokhachokha, kuvina kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kuvina n'kwabwino, Salimo 150 likutchula ng'oma ndi kuvina komwe. Komatu mwa masalimo 150 aja, gulu lalikulu kuposa onse ndi la madandaulo. Salimo 88 limatha popanda chitonthozo n'chimodzi chomwe, limathera mumdima. Mayi amene waika mwana wake Lachitatu, Lamulungu alowe m'tchalitchi, aimbe chiyani? Mpingo ukasowa nyimbo zolirira, anthu amakafuna kolirira kwina, ndipo ena amathera ku mapemphero otemberera ngati anuwa.

Tsono kwa iwe mdzukulu wanga wolalikira. Yesu anakulira m'nyimbo zimenezi. Usiku wa Paska, atatha kudya, iye ndi ophunzira ake anaimba nyimbo asanapite ku phiri la Azitona, ndipo pa Paska Ayuda amaimba Masalimo 113 mpaka 118. Pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22: "Mulungu wanga, Mulungu wanga, mwandisiyiranji Ine?" Zimene Salimo 109 likudandaula zinamugwera zonse, mboni zonama, bwenzi lomupereka, anthu opukusa mitu. Akanafuna kutemberera, mawu anali nawo pamtima. Iye anati, "Atate, muwakhululukire." Petro anatchuladi vesi 8 la salimoli pa Machitidwe 1:20 ponena za Yudasi, koma Yudasi anali atafa kale, ndipo nkhani inali yosankha wina wolowa m'malo mwake. Kumbukiranso kuti pa nthawi ya mayesero Satana anatchula Salimo 91 molondola bwino, pofuna kuti Yesu adzigwetse kuchokera pamwamba pa kachisi. Kutchula vesi n'kosavuta, ngakhale woyesa uja amatha.

Ukaima paguwa, uwerenge salimo lonse pang'onopang'ono, usadumphe mavesi owawa, anthu awamve. Uwafotokozere amene akulira, chimene anamuchita, ndi amene akumulirira. Ufunse mpingo ngati muli wina amene ananamiziridwa, amene analandidwa katundu mwamuna wake atamwalira, amene anachotsedwa ntchito pa bodza. Alipo, ndipo akhala chete akumvetsera. Uwauze kuti Mulungu amamva ngakhale pemphero lotuluka ndi ukali. Kenako uwatengere pa vesi 28, pamene wopempherayo akuti iwo atemberere koma Inu mudalitse, ndi pa Aroma 12:19, pamene Paulo akuletsa kubwezera chifukwa kubwezera ndi kwa Ambuye. Ulaliki wako ukaulemba, upite nawo kwa abusa kapena mkulu wa mpingo auone lisanafike tsikulo.

Ndipo uja anatchula dzina la azakhali ake, Loweruka likubwerali apite akawaone. Awatengere kasopo ndi kashuga, akhale nawo pakhonde, awafunse m'mene miyendo ikuwachitira.