Funsani Achimwene: Kodi Gamergate inalidi nkhani ya atolankhani achinyengo?

Achimwene, ine ndine mtsikana wa ku Chibavi ndipo magemu ndimawakonda kwambiri. Loweruka tinali pa kashopu ka ma PS tikumenya Mortal Kombat, ndiye ndinangofunsa kuti bwanji amuna ambiri avala bwinobwino koma akazi akumenya nkhondo ngati akukasamba ku Nkhata Bay? Mnyamata wina wa ku koleji anandiyankha mwamwano kuti madandaulo amenewa anayambitsa ndi akazi ofuna kutchuka pamodzi ndi atolankhani achinyengo, akuti ndikafufuze za Gamergate. Zoona zimenezi?
Wokonda magemu, Chibavi

Achemwali, mnyamatayo wakuuzani kachidutswa chabe, ndiye tiyeni tiyambe ndi pomwe sananame. Chinyengo mu utolankhani wa magemu chilipodi. Kuno timachidziwa ndi dzina loti chipondamthengo, kunja kuja nthawi zambiri sichibwera mu envulopu, chimabwera ngati malonda a pa webusaiti, maulendo aulere ndi kulandira gemu ena asanaione. Mu 2007 Jeff Gerstmann anachotsedwa ntchito ku GameSpot, webusaiti ya nkhani za magemu, atangopatsa gemu ya Kane & Lynch mamakisi 6 pa 10, pomwe Eidos, kampani yogulitsa gemuyo, inali itadzaza webusaitiyo ndi malonda a gemu yomweyo. Mu 2012 mwini wake anafotokoza poyera kuti mabwana anagonja kwa otsatsa malonda. Imeneyo ndiye nkhani ya chinyengo yeniyeni, ndipo taonani komwe kunachokera mphamvu, kunali kwa eni ndalama.

Tsono Gamergate, kampeni ya pa intaneti yomwe inkati ikulimbana ndi atolankhani a magemu achinyengo, inayamba mu Ogasiti 2014 ndipo siinayambire kwa kampani ya ndalama iliyonse ayi. Inayamba pomwe chibwenzi chakale cha Zoë Quinn, yemwe anapanga kagemu kaulere ka Depression Quest, chinataya pa intaneti nkhani zawo za m'nyumba, anthu nkuyamba kufalitsa kuti Quinn anagona ndi mtolankhani wa webusaiti ya magemu ya Kotaku, Nathan Grayson, kuti gemu yake iyamikiridwe. Vuto ndi loti Grayson sanalembepo ndemanga yopatsa gemuyo mamakisi, ndemanga yomwe ankaikalipirayo kunalibe. Komabe Quinn anamuopseza kuti amupha ndi kumugwirira, adiresi yake anaimwaza paliponse mpaka anathawa pakhomo. Brianna Wu, mayi wopanga magemu, nayenso anaopsezedwa mpaka anathawa kwawo. Inu mukaona anthu akuti tikulimbana ndi atolankhani koma amene akugona kwa eni ndi opanga magemu ang'onoang'ono, mabwana otsatsa malonda ali phee akumwa tiyi, dziwani kuti pali china.

Funso lanu la zovala lija anafunsanso Anita Sarkeesian, mayi wounika magemu. Mu 2012 anapempha 6,000 dollars pa Kickstarter, webusaiti yosonkhetsera ndalama, kuti apange mavidiyo ounika momwe akazi amaonetsedwera m'magemu, anthu anasonkha zopitirira 150,000. Ankalozera zinthu zomwe tonse tazionapo koma sitinkazilabadira, monga Princess Peach amene kuyambira 1985 ntchito yake yaikulu inali kubedwa ndi Bowser kuti Mario akamupulumutse. Sikuti zonse zomwe ananena ndimagwirizana nazo, zitsanzo zina ndimaona kuti anakokomeza, koma munthu akakokomeza umamuyankha ndi mfundo. Koma Sarkeesian mu Okutobala 2014 analephera kukalankhula ku Utah State University ku America chifukwa wina analemba kalata yoopseza kuti adzawombera anthu.

Chabwino chomwe chinatulukapo nchochepa, mawebusaiti ena monga Kotaku ndi Polygon anakonzanso malamulo okhudza atolankhani omwe amathandiza opanga magemu ndi ndalama. Kuti zimenezi zitheke sipankafunika kuthamangitsa munthu kunyumba kwake.

Magemuwo nawo akusintha ngakhale pang'onopang'ono. Lara Croft, mkazi wa mu gemu ya Tomb Raider, wa 2013 ndi wosiyana ndi wa 1996 uja, amaoneka ngati munthu woti angakweredi phiri. FIFA 16 inalowetsa matimu a amayi koyamba, ndipo pano ligi ya ku America ya NWSL, momwe Temwa Chawinga wa ku Rumphi konkuno anatengera ulemu wa osewera bwino koposa mu 2024, imapezeka mu gemu za mpira za EA, kampani yomwe inapanga FIFA 16. Ine ndinakaona ku Luwinga anyamata akukanirana kusankha matimu a amayi akuti ndi zachibwana, kenako mmodzi atamwetsedwa 4 kwa 0 ndi timu yomweyo anangoti padi yake ndi yakufa.

Mukabwereranso pa kashopu paja funsani ngati ali ndi Mortal Kombat 11 ya 2019, mudzaona kuti Kitana ndi Jade anawaveka bwinoko ndipo nkhonya zawo sizinachepe, ngakhale ena kunja analira pa intaneti kuti awalanda zoonera. Mnyamata wa ku koleji uja mumupatse padi yachiwiri, inu musankhe Kitana.