Mkamwa mukutentha kuyambira pomwe anaika kachipewa pa dzino

Mayi wina wa ku Ulónguè, tauni ya m'chigawo cha Tete ku Mozambique, wanditumizira imelo. Akuti chaka chatha, ali ku Johannesburg, anawaika kachipewa kachitsulo pa dzino lotafunira, kamene kuno madokotala amati coroa. Patapita miyezi iwiri mkamwa munayamba kutentha ngati adya tsabola, ndipo mkati mwa tsaya, moyang'anizana ndi dzinolo, mwachita timizere toyera. Kumapeto anawonjezera kuti ndolo za kumsika analeka kuvala kalekale chifukwa makutu amayabwa n'kumachucha madzi. Funso lawo: kodi ndikazulitse dzinoli?

Mayi, musazulitse kaye. Koma za ndolozo, zimene mwalemba ngati zongodutsa, n'zimene zandigwira mtima kwambiri.

Ndolo zotchipa nthawi zambiri zimakhala ndi chitsulo chotchedwa nickel. Thupi likadana naye, limamukumbukira moyo wonse. Tsono nickel ali ndi mbale wake, palladium, chitsulo choyera chimene William Hyde Wollaston anachitulukira ku England cha m'ma 1802. Chambiri chimakumbidwa ku Russia ndi ku South Africa, n'kumathera m'mapaipi a utsi a magalimoto, m'mphete za golide woyera, komanso m'zitsulo zosakaniza zimene amapangira zipewa ndi mano oikirira. Zitsulo ziwirizi n'zofanana kwambiri m'kapangidwe kake, moti chitetezo cha m'thupi chimatha kuzisokoneza. Anthu ambiri amene khungu lawo limakana palladium amapezekanso kuti limakana nickel.

Vutoli silionekera pompopompo. Zidzolo zimatuluka patapita tsiku limodzi mpaka 3, n'chifukwa chake munthu saganizira chitsulo. Ineyo ndinavutika ndi chigamba chofiira, choyabwa, pansi pa mchombo, chachikulu ngati ndalama yachitsulo. M'nyengo yozizira chinkazilala, koma ndikatsikira mumzinda wa Tete mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, chinkanyeka mpaka kutuluka timatuza. Ndinadzola mankhwala a chipere miyezi yambiri, osathandiza. Chinali chitsulo cha lamba. Thukuta limasungunula tizigawo ta chitsulo n'kutilowetsa pakhungu, ndipo malovu amachita zomwezo mkamwa usana ndi usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti lamba umavula pogona, kachipewa ka dzino ayi.

Komabe sindikufuna muthamangire kuweruza dzinolo. Mkamwa mumatenthanso chifukwa cha kuchepa kwa magazi, kusowa vitamini B12, matenda a shuga, kapena mafangasi oyera aja amene amachoka mukapukuta. Timizere toyera timathanso kubwera popanda chitsulo chilichonse. Chimene chikukayikitsa kwa inu n'chakuti tili mbali imodzi yokha, pomwe tsaya limakhudza kachipewako.

Pitani kaye kwa dokotala wa mano, pachipatala cha boma pafupi nanu kapena ku Hospital Provincial de Tete, akaone ndi maso. Mukanene za ndolozo musanafunsidwe. Ngati muli ndi nambala ya amene anakuikani kachipewako, alembereni pa WhatsApp akuuzeni zitsulo zimene anasakaniza. Kuyeza kwenikweni amakutcha patch test, ndipo amachita ndi dokotala wa khungu: amamata timapepala tokhala ndi nickel, palladium, cobalt ndi chromium pamsana, mumakhala nato maola 48 osanyowetsa, kenako amayang'ana pochotsa ndi patapitanso tsiku limodzi kapena awiri. Zitsulo zina zimachedwa, mpaka tsiku la 7. Zikatsimikizika, amachotsa kachipewa kokha n'kuika kopanda chitsulo, monga ka zirconia, dzino lanu n'kutsala.

Chimodzi chokha musachizengereze. Ngati pamalopo pachita chilonda chosapola kwa masabata atatu, chouma m'mphepete kapena chotuluka magazi, musadikire za kuyeza khungu. Kwerani minibasi sabata yomweyo dokotala akachione.